TIMAU TING'ONOTING'ONO TIMENE TIMATEMBENUZA CIZUNGU

Kalata yocokera ku boma la Nyimba ikafika m'midzi ya kwa Mfumu Mwape, kawirikawiri amaitana mwana wa sukulu kuti adzawerenge. Makolo amakhala pamphasa, mwanayo naimirira ndi pepala m'manja. Mau akuluakulu savuta: "meeting" ndi msonkhano, "Friday" ndi Lacisanu. Koma pakati pa kalatayo pamabisala kamau ka zilembo ziwiri kapena zitatu, ndipo nkhani yonse imagona pa kamauko.

Kalata ikati msonkhano wakhala "put off", ndiye kuti ulipo ndithu, angoukankhira tsiku lina. Ikati "called off", aufafaniza, palibenso. Ikati "brought forward", aufulumizitsa, udzacitika tsiku lolonjezedwa lija lisanafike. Kwa munthu wa ku cigwa ca Luangwa, amene amalawira mbandakuca nalipira ndalama zambiri kuti afike ku boma, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Mwana akaphonya kamauko, atate ake ayenda ulendo wopanda pace, kapena akhala pakhomo tsiku limene anzao akulembetsa feteleza.

Mau otere akatswiri amawacha "phrasal verbs". Ndi mneni wamba, monga "put", "look" kapena "run", wotsagana ndi muonjezi kapena mperekezi, monga "off", "up", "out" ndi "after". Awiriwa akakumana amabala tanthauzo latsopano limene nthawi zambiri silifanana ndi la makolo ace. "Look" ndi kuyang'ana. Koma "look for" ndi kufunafuna, "look after" ndi kusamalira, "look into" ndi kufufuza mlandu monga amacitira apolisi, ndipo wofuula kuti "look out" akucenjeza za ngozi. Namwino akati "we have run out of medicine", palibe amene wathamanga. Mankhwala atha basi.

Wolankhula Cinsenga kapena Cinyanja sayenera kuopa zimenezi, pakuti nzeru yace anayamwira kubere. Kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kuona, kuonetsa ndi kuonerera: tsinde la mau ndi limodzi, koma kamcira kakasintha, nchito yasinthanso. Mwana wa zaka zinai sasokoneza kudya ndi kudyetsa. Cosiyana ndi cakuti Cinyanja cimalumikiza kamcirako ku mneni, pamene Cizungu cimakasiya kataima pakokha, mwinanso patali ndithu.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kamauko kakakhala muonjezi, kamatha kusuntha. Munthu akhoza kunena "switch off the radio" kapena "switch the radio off", zonse ziwiri nzolondola, wailesi izima ndithu. Koma dzina la cinthuco likalowedwa m'malo ndi "it", "him" kapena "them", mlowam'malo ayenera kukhala pakati: "switch it off". Kunena "switch off it" kumalasa khutu la mwini cilankhulo. Kamauko kakakhala mperekezi, sikasiyana ndi mneni wace. Amati "look after the child" ndiponso "look after him". "Look him after" kulibe. Enanso amayenda atatuatatu osalekana, monga "put up with", kupirira, ndi "catch up with", kupeza amene anatsogola.

Pali mneni mmodzi wofunika kumgwira bwino, ndiye "pass". Ku sukulu ndi kukhoza mayeso. "Pass away" ndi kumwalira. "Pass out" ndi kukomoka, komanso ndi mau amene amanena acinyamata akatsiriza maphunziro a upolisi ku Lilayi, pafupi ndi Lusaka, pa tsiku la perete. Conco uthenga wa pafoni woti mwana "has passed out" ukhoza kukhala wa nthungululu kapena wothamangira ku cipatala, ndipo wowerenga mopupuluma akhoza kuliritsa maliro a munthu wamoyo.

Bvuto limeneli silinayambe lero, ndiponso si la anthu a kuno okha. Samuel Johnson, amene anatulutsa buku lace lalikulu lomasulira mau a Cizungu ku London mu 1755, anadandaula m'mau oyamba a bukulo kuti aneni oterewa ndiwo amasautsa kwambiri alendo ophunzira cilankhuloco. Dzina loti "phrasal verb" linadzaoneka m'buku mocedwa, mu 1925, polemba Logan Pearsall Smith.

Kuno ku Zambia, kuyambira mu 1966 ana anali kuphunzitsidwa m'Cizungu kucokera Geredi 1, ndipo mu 2014 Boma linalamula kuti Geredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'cilankhulo ca dera lao, cimene Kum'mawa kuno cinali Cinyanja. Komabe pa njira zonse ziwiri kampata kamodzi kanatsalabe. Cizungu ca m'buku cimakonda mau aatali ocokera ku Cilatini, monga "postpone", "cancel" ndi "extinguish", ndipo wophunzira amawaloweza monyadira, poganiza kuti mau aatali ndiwo nzeru. Koma kalaliki, dalaivala ndi namwino polankhula amati "put off", "call off", "put out". Motero mwana amene amakhoza bwino m'kalasi amatha kusowa conena pa windo la ofesi, atagonjetsedwa ndi timau timene anatiyesa ta Geredi 1.

Ena mwa mauwa analowa kale m'kamwa mwa anthu osadziwa. Galimoto yonyamula nthoci pa Nyimba amaicha pikiapu, kucokera ku "pick up", kunyamula. Wa m'tauni akaweruka ku nchito amati wacita "knock off". Palinso ena amene anthu anawapotoza: ambiri amati "cope up with" pofuna kunena za kulimbana ndi mabvuto, koma woconga mayeso amadula "up" ameneyo ndi colembera cofiira, cifukwa colondola ndi "cope with".

Aphunzitsi odziwa nchito salola ana kuloweza mneni payekha ndi kamau pakokha. Amawauza kuti asunge kabuku, ndipo akamva mau otere pa wailesi, ku cipatala kapena pa Great East Road, awalembe athunthu pamodzi ndi ciganizo cimene anawamveramo. Makolo nawonso ali ndi mbali yao, ngakhale sadziwa Cizungu. Mwana akamasulira kalata, amfunse kamau kotsatira mneni, ndipo ngati akayika, apite nayo kwa aphunzitsi munthu asanakwere njinga.

Pa mapepala a kopaletivu mau ofunika ndi owerengeka. "Fill in" ndi kulemba m'mipata ya fomu, "hand in" ndi kuipereka, "pay back" ndi kubweza ngongole. Yankho likabwera loti pempho lakhala "turned down", alikana. Koma likati wopemphayo acite "turn up" Lolemba, akumuitana, ndipo ayenera kukaonekera yekha ndi citupa cace m'manja.