Kudzola ndi makatuni nazo n'zopitira kusukulu?

Mwana akauza makolo ake kuti akufuna kukaphunzira zosamalira khungu kukoleji ya ntchito zamanja, yankho limadziwikiratu: "Iwe, kudzola nako kumafuna sukulu?" Akati akufuna kuphunzira kupanga makatuni pakompyuta, ndiye kumagwa phwete. Bambo amaona ngati mwanayo wapeza nzeru yopitirizira masewera a pafoni pogwiritsa ntchito fizi. Makolo otere sakulakwa kukayika. Anakula akudziwa kuti ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete kapena ku Livingstonia munthu amakaphunzira ukalipentala, zomangamanga, umakaniko ndi kuwotcherera zitsulo. Tebulo likatha kukhomedwa umaikapo mbale, nyumba ikatha umagonamo. Nanga nkhope yosalala ndi kalulu woyenda pasikirini, munthu angadyerepo?

Pansi pa kukayikako pali maganizo akale akuti kuteki kumapita amene sukulu inawakanika. Chikhazikitsireni bungwe la TEVETA mu 1999, maphunzirowa ali ndi magawo ake ndi mayeso ake, ndipo wofuna malo m'makoleji akuluakulu amafunsidwa satifiketi ya MSCE. Olemba anthu ntchito amasonkha ndalama yothandizira maphunzirowa, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Komabe mwana wopita kukaphunzira zamagetsi sasekedwa ngati mnzake wa khungu. Wa khunguyo ndiye amafunika kumuikira kumbuyo.

Zoti anthu ambiri m'masaluni anaphunzira poonera anzawo n'zoona, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri. Kuluka, kupaka zodzoladzola ndi kumeta nsidze, manja amazolowera okha. Chimene munthu sangatole poonera ndi zimene zikuchitika pansi pa chala chake. Khungu lili ndi gawo lapamwamba lotchedwa epidermis, lomwe limasuluka pang'onopang'ono ndi kubwera lina pafupifupi mwezi ndi mwezi. Pansi pake pali dermis, momwe muli mitsempha ya magazi, mizu ya tsitsi ndi timatumba totulutsa mafuta ndi thukuta. Wophunzira amayamba ndi zimenezi asanakhudze nkhope ya munthu. Amaphunzira kusiyanitsa khungu louma ndi lamafuta, kufunsa kasitomala ngati ali ndi pakati kapena akumwa mankhwala ena, ndiponso kuyesa kaye mankhwala atsopano pakamalo kakang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Zikuoneka zochedwetsa, makamaka mkwati ali pampando ndipo galimoto ikuliza hutala panja. Koma amene anaonapo zikope zitatupa chifukwa cha guluu womatira nsidze zoikirira amadziwa ubwino wa kudikirako.

Palinso mawu amene timanyadira nawo, akuti khungu lakuda n'lolimba, silimva kanthu. Melanini, amene amalipatsa mtundu wake, amatchinga ndithu mbali ina ya mphamvu ya dzuwa. Koma khungu lomweli limasunga mangawa. Mukafinya chiphuphu kapena kuchipaka mandimu ndi mankhwala otsukira mano, monga amalangizirana atsikana m'mahositelo, chiphuphucho chimatha m'masiku ochepa koma banga lakuda limakhala miyezi. Zipsera zotukumuka, zija zimamera pakhutu lobooledwa kapena pankhongo, zimachitika kwambiri pakhungu lakuda kusiyana ndi loyera. Wophunzira bwino akaona chipsera chotere pamkono pa kasitomala, sathamangira kumuboola mphuno.

Nkhani imene imanditsimikizira kuti sukuluyi n'njofunika ndi ya mafuta oyeretsa khungu. Mumsika uliwonse waukulu alipo, m'timachubu ndi m'timabotolo, ena osakanizidwa kale m'zibekete zopanda dzina. Wogulitsa amati "awa ndi ochotsa mabanga basi, mayi." Ambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Pali hydroquinone, amene akapakidwa nthawi yaitali amabweretsa mabanga akuda bii pamasaya, ovuta kuwachotsa kuposa amene munthu ankathawa. Pali mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol, omwe madokotala amalembera odwala nthenda zina za pakhungu kwa masabata ochepa chabe. Akasanduka mafuta a tsiku ndi tsiku amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, ndipo bala lililonse limachedwa kupola. Chachitatu ndi mercury, amene amalowa m'thupi n'kuwononga impso ndi minyewa, ngakhalenso mwana amene ali m'mimba. Chifukwa cha zoopsa zotere, South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda anadzaletsanso mafuta otere m'zaka zapitazi. Ife timangoseka za "nkhope ya Fanta, miyendo ya Kokakola", koma mayi wonenedwayo nthawi zambiri anachita kulangizidwa ndi munthu wamusaluni amene sankadziwa kuwerenga zolembedwa pachubu. Akanakumana ndi wophunzira, akanamva kuti mafutawo ali ndi chiyani, n'kusankha akudziwa.

Ukhondo nawo ndi phunziro lalikulu, ndipo apa abambo a kubabashopu asaganize kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Chipere chimayenda ndi makina ometera, kuchoka pamutu wina kupita pa unzake. Kachilombo ka hepatitis B, kowononga chiwindi, kamatha kukhala ndi moyo sabata yathunthu m'kadontho ka magazi kouma palezala. Kungowaza sipiriti pamakina odzaza tsitsi n'kuitana wotsatira si kutsuka. Ndipo pali malire: wosamalira khungu si dokotala. Akaona mphere, bala losapola, kapena kachilonda pakhungu la munthu wachialubino, amene dzuwa limamuika pachiopsezo chachikulu cha khansa ya pakhungu, ntchito yake ndi kunena mwaulemu kuti "pitani kuchipatala", osati kugulitsa kirimu.

Za makatuni zili ndi chikhulupiriro chakechake, chakuti kompyuta ndiyo imapanga zonse, munthu amangodina. Kanema amapusitsa maso poonetsa zithunzi zambiri motsatizana, kawirikawiri 24 pasekondi imodzi. Mphindi imodzi yokha ndi zithunzi 1,440. Kompyuta imathandiza kudzaza zapakati, koma poyambira ndi pothera pa kusuntha kulikonse amasankha ndi munthu. M'makatuni a 3D, wina amaumba thupi, wina amaliikira mafupa ndi mfundo zopindikira, wina amaliyendetsa, winanso amakonza kuwala. Filimu ya Toy Story ya mu 1995, yoyamba yaitali yopangidwa yonse pakompyuta, inatenga zaka ndi gulu la anthu oposa zana.

Tiyerekeze kuti wophunzira wapatsidwa ntchito yoyendetsa mayi wosenza ndowa ya madzi. Akangosuntha miyendo, mayiyo aoneka ngati akutsetsereka pagalasi. Ayenera kukaima pamjigo n'kuona: khosi limauma gwa, mutu sugwedezeka, chiuno ndicho chimalandira kulemera konse, mapazi amaponda mofupikitsa, ndipo akaima mwadzidzidzi madzi amapitirirabe pang'ono n'kutayikira kutsogolo. Ndowa yopanda kanthu ili ndi kayendedwe kenanso. Oonera a ku Ndirande kapena ku Chipata sangafotokoze cholakwika, koma adziwa pompo kuti mayiyu sanasenze kanthu. Choncho luso lojambula pamanja limathandiza, koma chimene aphunzitsi amalimbana nacho kwambiri ndi diso loona kulemera ndi nthawi.

Ena amati ntchitoyi ndi ya azungu ndi ana a olemera chifukwa cha mapulogalamu odula. Kale zinali choncho. Koma pulogalamu ya Blender yakhala yaulere kuyambira mu 2002, ndipo filimu ya Flow ya ku Latvia, imene inapata mphotho ya Oscar mu 2025, inapangidwa ndi pulogalamu yomweyi. Situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town ili ndi maphunziro aulere pa intaneti. Situdiyo yomweyi ndiyo inagwira nawo ntchito ya Supa Team 4, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Nkhani yake anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo atsikana ake anayi amakhala mu Lusaka wa m'tsogolo. Ku Tanzania, bungwe la Ubongo limaphunzitsa ana masamu ndi kuwerenga kudzera m'makatuni. Ndalama za tsiku ndi tsiku za wopanga makatuni sizichokera m'mafilimu akuluakulu ayi. Zimachokera m'zotsatsa malonda, m'mauthenga a zaumoyo, ndi m'zithunzi zoonetsa mwini nyumba momwe nyumba yake idzaonekere isanamangidwe.

Apa makolo aja ali ndi pogwira. Pulogalamu ndi yaulere, koma kompyuta yamphamvu si yaulere, bandulo si yaulere, ndipo magetsi akazima kompyuta ili mkati motulutsa zithunzi, ntchito ya usiku wonse ikhoza kuima panjira. Wa khungu naye amafuna mpamba wogulira zipangizo ndi kulipira lendi. Satifiketi payokha siitana kasitomala. Wa makatuni amalembedwa ntchito akaonetsa kakanema kafupi ka zimene wapanga, ndipo wa saluni amadziwika ndi nkhope zimene zimabwereranso mwezi wamawa zili bwino.

Ndiye kholo limene mwana wabwera ndi fomu lingachite bwino kukafika kukolejiko lokha. Likafunse ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, popeza makoleji a m'zipinda zapamwamba pa mashopu achuluka ndipo si onse ovomerezeka. Likaone ngati ophunzira za khungu amagwira nkhope za anthu enieni mphunzitsi ali pambali, kapena amangokopera manotsi, komanso zipangizo zawo amazitsukira pati. M'kalasi ya makompyuta likawerenge amene akuyaka, lifunse kuti ophunzira angati amagawana imodzi, ndiponso kuti a chaka chatha anakachitira kuti atachimenti.