Mwana Ayambe ndi Chiyani ku Madrasa? Zomwe Ibn Khaldun Adaona

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Mphunzitsi aliyense wa madrasa amayankha funso limodzi tsiku lililonse, ngakhale osalitchula pakamwa: mwana wabwera kumeneyu ayambe ndi chiyani, ndipo chitsatire nchiyani? Ambiri a ife timangotsata momwe aphunzitsi athu adatiyendetsera. Koma ndondomeko iliyonse ya maphunziro imakhala ndi ganizo pansi pake, ganizo lonena kuti mwana ndi ndani ndipo tikufuna adzakhale munthu wotani. Ma ulama akale adakambirana nkhaniyi mozama, ndipo mmodzi mwa omwe adaifotokoza bwino ndi Abdul Rahman ibn Khaldun, Allah amuchitire chifundo.

Ibn Khaldun adabadwira ku Tunis mu 1332 ndipo adamwalira ku Cairo mu 1406, komwe adali mphunzitsi komanso Qadhi wa madh-hab a Imam Malik. Buku lake lotchuka la Muqaddimah adalilemba mu 1377 ali ku Qal'at Ibn Salama, m'dziko lomwe lero ndi Algeria. Popeza adakhalako ku Tunis, ku Fez ndi ku Granada, adadzionera yekha kuti Asilamu onse amayika Qur'an patsogolo pophunzitsa ana, koma njira zawo zimasiyana malinga ndi chikhalidwe cha dera.

Anthu a ku Maghrib, kumadzulo kwa kumpoto kwa Africa, ankaphunzitsa mwana Qur'an yokha pamodzi ndi kalembedwe kake. Sankasakaniza ndi Hadith, Fiqh kapena ndakatulo mpaka mwana ataigwira bwino. Zotsatira zake, panalibe owaposa pa kuloweza Qur'an ndi kuilemba molondola. Anthu a ku Andalus, komwe lero ndi Spain ndi Portugal, ankaphunzitsa Qur'an limodzi ndi ndakatulo, kulemba makalata, malamulo a Chiarabu ndi luso la kulemba zilembo zokongola. A ku Ifriqiya, dera la Tunisia ya lero, ankaphatikiza Qur'an ndi Hadith komanso mfundo zina za maphunziro, ndipo ankalimbikira kwambiri mawerengedwe osiyanasiyana a Qur'an. Kummawa nakonso ankasakaniza maphunziro, koma luso la kulemba linali ndi aphunzitsi akeake.

Ibn Khaldun sadalekere pongotchula njirazi. Adayang'ana zipatso zake. Adaona kuti ana omwe adakula ndi Qur'an yokha ankavutika kufotokoza maganizo awo m'Chiarabu chabwino. Chifukwa chomwe adapereka nchofunika kuchimvetsa, kuti wina asaganize kuti ankachepetsa Buku la Allah. Iye adati mawu a Qur'an ndi chozizwitsa chomwe munthu sangathe kuchitsanzira, choncho mwana sangatengerepo luso lopanga ziganizo zake. Luso limenelo amalipeza pomva ndi kubwereza zolankhula za anthu anzake. Ana a ku Andalus ankaposa anzawo pa chilankhulo, koma nawo ankaperewera pa maphunziro ena chifukwa chotalikira kuphunzira Qur'an ndi Hadith mozama. Njira iliyonse idali ndi phindu lake ndi mtengo wake.

Apa ndi pomwe adabweretsa ganizo la Qadhi Abu Bakr ibn al-Arabi wa ku Seville, yemwe adamwalira mu 1148. Qadhi ameneyu ankati mwana ayambe ndi Chiarabu ndi ndakatulo, kenako masamu, ndiye abwere ku Qur'an atatha kumva zomwe akuwerenga. Pambuyo pake aphunzire maziko a chikhulupiriro, Usul al-Fiqh, luso la mtsutso ndi Hadith. Kwa iye chidali chodabwitsa kuti mwana akakamizidwe kuwerenga zomwe sakuzimva.

Ibn Khaldun adavomereza kuti ganizoli ndi labwino, komabe adafotokoza chomwe chimalepheretsa anthu kulitsata. Choyamba, makolo amafuna madalitso ndi malipiro a Qur'an kwa mwana wawo. Chachiwiri, amaopa kuti mwana akatha msinkhu sadzamveranso akulu, zachinyamata zidzamutenga, ndipo adzasiya maphunziro asanaigwire Qur'an nkomwe. Ndiye amafulumira kumupatsa Qur'an nthawi yomwe akadali m'manja mwawo. Adamaliza ndi kunena kuti pakadakhala chitsimikizo choti mwana apitiriza kuphunzira, njira ya Qadhi ikadakhala yoyenera kuposa zonse.

Tikuonapo phunziro lalikulu pamenepa. Ndondomeko ya maphunziro siyesedwa ndi kukongola kwake papepala. Imayesedwa poyang'ana mwana weniweni, zaka zomwe adzakhale pamaso pa mphunzitsi, ndi zomwe zikumudikira akatuluka.

Pa kaphunzitsidwe kenikeni, Ibn Khaldun adapereka malangizo omwe mphunzitsi angawagwiritse ntchito mawa lomweli. Phunziro lililonse lidutsidwe katatu. Ulendo woyamba mphunzitsi apereke mfundo zikuluzikulu mwachidule, molingana ndi nzeru za wophunzira. Ulendo wachiwiri afotokoze motambasula ndi kutchula pomwe ma ulama adasiyana maganizo. Ulendo wachitatu amasule chilichonse chovuta, osasiya mfundo yomangika. Adaletsa kupatsa woyamba kumene mafunso ovuta, kusakaniza maphunziro awiri nthawi imodzi, ndi kusiya mpata wautali pakati pa phunziro ndi linzake, chifukwa mwana amaiwala chiyambi asanafike kumapeto. Adadzudzulanso timabuku tachidule kwambiri tomwe timapanikiza mfundo zambiri m'mawu ochepa, poti wophunzira amatha nthawi kumasula mawu m'malo momvetsa nkhani.

Cholinga cha zonsezi ankachitcha malaka, kutanthauza luso lokhazikika mwa munthu moti amatha kuligwiritsa ntchito payekha. Adati lusoli limabwera pokambirana ndi kutsutsana pa mfundo. Adafotokoza za ophunzira omwe amakhala zaka zambiri m'makalasi ali duu, akungoloweza, ndipo pamapeto pake satha kuteteza mfundo ngakhale imodzi. Adapereka chitsanzo choti nthawi yoikidwa kuti wophunzira akhale pa madrasa ku Maghrib idali zaka 16, pomwe ku Tunis zidali zaka 5 zokha, ndipo kusiyanaku adakuona kuti kudachokera ku kaphunzitsidwe.

Nkhani ya chikwapu sadaisiye. Adati nkhanza zimapha chidwi cha mwana, zimamuchititsa ulesi, ndipo zimamuphunzitsa bodza ndi chinyengo, chifukwa amazolowera kuonetsa zosiyana ndi zomwe zili mumtima mwake poopa kumenyedwa. Ma ulama a Fiqh adali atayamba kale kuika malire. Muhammad ibn Sahnun wa ku Qayrawan, yemwe adamwalira mu 870, m'buku lake la Adab al-Mu'allimin adaletsa mphunzitsi kumenya mwana chifukwa cha mkwiyo, ndipo adati asapitirire katatu popanda chilolezo cha bambo wa mwanayo. Amenewa adali malire otchinga dzanja la mphunzitsi, ndipo sitiyenera kuwawerenga ngati lamulo lotituma kumenya.

Nanga ife kuno kwathu titengepo chiyani? Mantha omwe Ibn Khaldun adawatchula tikuwadziwa bwino. Ana athu ambiri amabwera ku madrasa masana atatopa kale ndi sukulu, ndipo akafika ku sekondale ambiri sitiwaonanso. Pachifukwa chimenechi tikuona kuti kuyamba ndi kuwerenga Qur'an nkoyenera, ndipo sitikulangiza kuti kuchedwetsedwe. Koma dandaulo la Qadhi Ibn al-Arabi likutikhudza ife kuposa anthu a nthawi yake. Ana a ku Seville ankamva Chiarabu m'misika ndi m'nyumba, pomwe athu amakula ndi Chichewa kapena Chiyao. Mwana akhoza kumaliza Juzu Amma yonse osadziwa tanthauzo la Al-Fatiha yomwe amaiwerenga mu rakaa iliyonse ya Swala.

Njira yapakati ilipo. Surah iliyonse yomwe mwana waloweza, amve tanthauzo lake mwachidule m'chilankhulo chake sabata yomweyo. Fiqh ya twahara, Swala ndi Swaumu aidziwe asanathe msinkhu, poti zimenezi ndi Fardh Ain, udindo womwe wina sangamusenzere. Buku la Fiqh lidutsidwe kangapo mokwera pang'onopang'ono, m'malo molumphira buku lina lisanakhazikike loyamba. Ndipo m'kalasi mukhale nthawi yoti ophunzira afunse ndi kuyankhana okha, mphunzitsi akumvetsera ndi kuwongolera.

Makomiti a madrasa akakhala pansi kukonza ndondomeko ya chaka, tikupempha kuti ayambe ndi kuwerengera zaka zomwe mwana wa m'dera lawo amakhaladi pa madrasa. Ngati ndi zinayi, alembe zomwe Msilamu sangakhale popanda kuzidziwa, ndipo azigawe m'zaka zinayizo. Mwana ndi amana yomwe makolo atisungitsa kwa kanthawi, ndipo tidzafunsidwa momwe tidagwiritsira ntchito nthawiyo.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.