Tilimbitse Manja ndi Chifuwa: Masewera a Dips pa Makina

Achinyamata anzathu, HIV ikafooketsa chitetezo cha m'thupi, munthu amawonda ndipo minofu imafota. Kuyambira mu 2004, pamene boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere, ambiri ayambiranso kukhala athanzi. Komabe minofu imakula pokhapokha tikamaigwiritsa ntchito. Mu 2020, bungwe la WHO linalangiza kuti akuluakulu, kuphatikizapo omwe ali ndi HIV, azichita masewera olimbitsa minofu kosachepera masiku awiri pa sabata. Amodzi mwa masewerawa ndi otchedwa dips.

Kodi dips n'chiyani?

Ndi kudzikweza ndi kudzitsitsa ndi manja titagwira zitsulo ziwiri zoyandikana. Masewerawa amalimbitsa chifuwa, mapewa ndi minofu ya kuseri kwa mkono. Ongoyamba kumene sakwanitsa kunyamula thupi lonse, n'chifukwa chake ku jimu kumakhala makina othandizira. Makinawa ali ndi pogwada, ndipo pogwadapo pamakankhidwira m'mwamba ndi zitsulo zolemera. Dziwani kuti tikawonjezera zitsulo, ntchito imapepuka. Munthu wa makilogalamu 60 akaika 30, manja ake amanyamula pafupifupi 30 okha.

Kachitidwe kake

1. Titenthetse thupi kwa mphindi zisanu, kenako tisankhe zitsulo zochulukirapo.
2. Tigwade pogwadapo, tigwire zogwirira ndipo tiwongole manja. Mapewa asakwere kufika m'makutu.
3. Titsike pang'onopang'ono tikukokera mpweya mkati, mpaka zigongono zifike pa msinkhu wa mapewa. Kupitirira apa kumavulaza mapewa.
4. Tidzikankhire m'mwamba tikutulutsa mpweya.
5. Tibwereze maulendo 8 mpaka 12, tipume, kenako tichitenso kawiri.

Zikayamba kuphweka, tichepetse zitsulo pang'ono. Tisiye tsiku limodzi pakati kuti minofu ipume. Ngati kwathu kulibe makina, tigwire m'mphepete mwa benchi lolimba, mapazi ali pansi kuti miyendo itithandize.

Tisamale izi

Amene akutentha thupi, akutsegula m'mimba kapena akuwonda mosadziwika bwino, ayambe wapita kuchipatala. Phewa likabaya, tileke pomwepo. Masewera salowa m'malo mwa ma ARV. Tizimwa mankhwala tsiku lililonse monga atiuzira kuchipatala, tizimwa madzi okwanira ndi kudya zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi. Nyemba, mtedza, mazira ndi usipa zimathandiza kumanga minofu.

Thukuta silipatsira HIV

Ena amakana kugwira makina omwe wagwira mnzathu amene ali ndi kachilomboka. Uku ndi kusalana, ndipo kumachititsa ena kuopa kukayezetsa magazi. HIV imafala kudzera m'magazi, umuna, ukazi ndi mkaka wa m'mawere, osati m'thukuta. Tizipukuta makina chifukwa cha ukhondo basi, ndipo aliyense amene ali ndi bala alimange. Pa kalabu yathu, tiyeni tizisinthana makina, tiziwerengerana maulendo ndi kulimbikitsana tonse.