Nthabwala si umboni poweruza buku

M'chaka cha 1895, mlembi wa ku America, Mark Twain, adalemba nkhani yonyoza mabuku a James Fenimore Cooper, makamaka The Deerslayer lomwe lidatuluka mu 1841. Iye adati mwa malamulo 19 olembera nthano yaitali, Cooper adaphwanya 18. Adamusekanso kuti anthu a m'mabuku ake akafuna kuyenda monyang'ama, amangoponda kamtengo kouma. Owerenga adaseka mpaka misozi, koma Cooper sakadayankha poti adali atamwalira mu 1851.

Pomwe Twain adasekapo kwambiri ndi pamene ankhondo asanu ndi mmodzi abisala mumtengo wowerama pamtsinje, kudikira bwato lokhala ndi kanyumba. Iye adati bwatolo lidali lalitali mapazi 140, choncho n'zoseketsa kuti ambiri a iwo adaliphonya n'kugwera m'madzi. Koma muyezo umenewu mulibe m'bukumo, adangouganizira yekha. Mu 1988, akatswiri awiri, Lance Schachterle ndi Kent Ljungquist, adayerekeza mawu a Twain ndi buku lenilenilo ndipo adaonetsa kuti zinthu zingapo adazikhotetsa kuti nthabwala imveke.

Ndiye tizingotaya mawu a wodzudzula wanthabwala? Ayi. Nthabwala imatiloza poyang'ana, ndipo amene adawerengapo Cooper amadziwa kuti nkhani zake zimakhaladi zozungulira. Koma pabwalo la mfumu, woseketsa anthu sapambana mlandu popanda mboni. Buku nalonso liweruzidwe chimodzimodzi, chifukwa munthu adalikhalira zaka kulilemba, pamene mawu amodzi onyoza angathe kuthamangitsa owerenga ambirimbiri.

Onani zomwe adachita Chinua Achebe mu 1975 pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst, podzudzula Heart of Darkness la Joseph Conrad kuti limanyoza anthu a mu Africa. Mawu ake adali akuthwa, koma adatchula ndime zenizeni za m'bukumo. Omutsutsa amayenera kutsegula bukulo kaye, n'chifukwa chake mtsutsowo udakali wamoyo m'masukulu mpaka lero.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina akanyoza buku mokometsera, sekani ndithu, kenaka mumufunse kuti zimenezo zili patsamba liti. Akakusonyezani, mumvetsereni. Akalephera, kawerengeni bukulo nokha.