Tauni ikufunika, nyanja ikufunikanso: banja la pa Songwe lisamukire kuti?

Pa chipata cha Songwe tsiku limayamba ndi kulira kwa injini. Dzuwa lisanatuluke bwino, mathiraki ochokera ku Dar es Salaam amakhala atandanda kale, anyamata osintha ndalama akuwerenga mashilingi ndi makwacha, amayi akuwoloka mlatho kupita ku Kasumulu kukaoda zitenje, mapoto ndi nsapato. Ndalama zimayenda pano, palibe angatsutse. Koma mufunseni munthu amene wakhalitsa pa boda ngati akufuna kudzakalambira pomwepa, amayamba waseka kaye.

Achemwali anga ndi alamu akhala pa Songwe zaka zisanu ndi zitatu. Alamu amathandiza anthu kuombola katundu ndi magalimoto pa boda, achemwali ali ndi kagolosale. Ana akula, woyamba alemba mayeso a Sitandade 8 chaka chamawa. Ndalama zimene asunga zikukwana puloti imodzi yokha ndi maziko a nyumba, ndiye apa mpamene pagona nkhani. Achemwali akufuna tauni: sekondale yabwino pafupi, chipatala choti usiku utha kufikako pa kabaza, madzi a m'mpopi, banki. Alamu, amene anakulira ku Kaporo, akuti atopa ndi fumbi ndi utsi wa dizilo. Akufuna kumadzuka akumva mafunde, n'kumagula usipa bwato likungokocheza kumene. Onse ali ndi mfundo. Vuto n'lakuti akasankha molakwika, puloti yachiwiri palibe.

Zikanakhala kwa anzathu a ku Tanzania kapena ku Mozambique, mkanganowu sukanatalika. Dar es Salaam, Beira ndi Maputo ndi mizinda imene inamangidwa m'mbali mwa madzi. Kwathu kuno mizinda yonse inayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ili kumtunda, kutali ndi nyanja. Mbiri ya mishoni ya Livingstonia imasonyeza bwino mmene zinayendera: inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuithamangitsira ku Bandawe mu 1881, kenaka n'kukwera phiri la Khondowe mu 1894. Azungu ankathawa udzudzu ndi kutentha, ndipo maofesi, sukulu ndi zipatala zikuluzikulu zinakhazikika kumtunda komweko. Ifeyo tinangolowa m'malo momwemo. Choncho munthu wofuna tauni ndi nyanja pamodzi ku Malawi kuno amayenera kuvomereza kuti chimodzi mwa ziwirizi chichepako.

Poyambira pachidziwikire ndi pa Karonga boma, makilomita pafupifupi 45 kuchokera pa Songwe. Kuyambira pamene msewu wa M1 pakati pa malo awiriwa unakonzedwanso, ulendowu sukwana ola, kutanthauza kuti alamu atha kumagona pa boma n'kumagwirabe ntchito pa boda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 61,000 m'tauniyi. Pali chipatala cha boma, mabanki, msika waukulu, sekondale zotchuka monga Chaminade ndi St Mary's, komanso bwalo la mpira kumene Karonga United imalandirira alendo. Palinso nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004, mmene mwaima chigoba cha Malawisaurus, chinyama chimene chinkayenda kuderali anthu kulibe. Ndipo nyanja ili pomwepo. Umatsika pa depoti, kukwera kabaza pang'ono, basi wafika pa mchenga, mapiri a ku Tanzania akuoneka kutsidyako. Madzulo n'kudya mpunga wa Kilombero ndi nsomba yogwidwa tsiku lomwelo, kapena mbalagha ya nthochi ndi nyama.

Ndikanangolekera pamenepa, mukanati nkhani yatha. Komatu Karonga ili pa chigwa chathyathyathya, pakati pa nyanja ndi mtsinje wa North Rukuru, ndipo madzi sachedwa kukumbutsa anthu za chimenechi. Mvula ikalimba kumapiri a ku Chitipa, mtsinjewu umasefukira ngakhale pa boma pasanagwe dontho. Kumpoto nako mitsinje ya Lufilya, Kyungu ndi Songwe yemweyo imachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake anthu amasiyanitsa Old Town, ya kufupi ndi nyanja, ndi mbali yatsopano ya tauni imene inakula chakumtunda. Pansi napo sipokhazikika. Mu December 2009 zivomezi zotsatizana zinagwedeza Karonga kwa masabata awiri, chachikulu chake chofika 6.0. Anthu anayi anamwalira, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo zambiri mwa izo zinali za njerwa zomangidwa ndi dothi, zopanda lintala yozungulira nyumba yonse. Womanga ku Karonga asaumire simenti ndi zitsulo, ngakhale zitatanthauza kuti nyumba ichepe chipinda chimodzi. Za kutentha kwa mu October ndi November sindinena zambiri. Amene anagonapo kumeneko magetsi atazima, fani itaima, akudziwa.

Achemwali mtima wawo uli ku Mzuzu, ndipo ndikuwamvetsa. Uwu ndiye mzinda weniweni wa kumpoto, wa anthu oposa 220,000 pa kalembera yemwe uja. Kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, kumene odwala ovuta a ku Karonga amatumizidwa, kuli Mzuzu University, ndipo munthu wodziwa kuoda katundu ku Kyela ndi ku Mbeya sangasowe chochita pa msika wa Taifa. Nyengo ndi yozizira, udzudzu ndi wocheperako. Nanga nyanja? Nkhata Bay ili makilomita osakwana 50 kutsetsereka, pa msewu wabwino, ndipo kunena zoona madzi ake ndi okongola kuposa a ku Karonga: oyera, akuya, ozunguliridwa ndi miyala ndi mitengo. Ilala imaima pomwepo popita ku Likoma ndi ku Chilumba.

Koma tiyeni tisanamizane. Nyanja ya pa mtunda wa ola limodzi ndi nyanja ya Loweruka, ndipo Loweruka lake limakhala la pa Khirisimasi ndi pa Isitala basi. Ndili ndi anzanga amene tinaphunzira limodzi, akugwira ntchito ku Mzuzu chaka chachitatu tsopano, koma ku Nkhata Bay anapitako kamodzi, pa ukwati. Chinanso, kuchokera ku Mzuzu kufika pa Songwe ndi makilomita oposa 260, kudzera pa zikhotakhota za Chiweta, pamene nthawi ya dzinja miyala imagumuka ndipo thanki imodzi ikafera pa kona onse amaima. Alamu sangamayende tsiku ndi tsiku. Ndiye kuti banja ligawike pawiri, lendi ina pa boda, ana kumaona bambo awo pakutha pa mwezi. Mtengo umenewu suwerengedwa pogula puloti, koma umalipiridwa ndithu.

Salima ndi Mangochi tinangozitchula n'kuzisiya. Salima ndi yabwino kwa munthu amene ntchito yake ili ku Lilongwe, makilomita ngati 100, Senga Bay ili pafupi. Mangochi ili pa mtsinje wa Shire, nyanja yake ili chakumpoto, ndipo Blantyre ili patali ndithu. Kwa banja limene limadya za pa boda, kusamukira uko n'kuyambiranso moyo. Dar es Salaam nayo inatchulidwa, poti alamu Chiswahili amachilankhula ngati kwawo. Koma kumeneko ndi dziko la eni: pamafunika chilolezo chokhalira ndi chogwirira ntchito, mlendo sangangogula malo mmene angachitire kwawo, ndipo ana angasinthe maphunziro onse pa nthawi yolakwika.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinawaumirira onse awiri, ndipo ndikuumiriranso aliyense amene akulota nyumba ya m'mbali mwa nyanja, kaya ndi ku Ngara, ku Chintheche kapena ku Senga Bay. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika. Mu 2024 inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, ndipo malo ogona alendo ndi nyumba zambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zinalowa madzi kwa miyezi. Akuluakulu amakumbukira kuti cha m'ma 1980 inakweranso chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Pakati pa zaka zimenezi madzi anabwerera, anthu n'kuiwala, mchenga umene unali pansi pa nyanja n'kugulitsidwa ngati mapuloti. Wogulitsa amakuonetsani malowo mu September, kouma, mphepo ikuwomba bwino. Inuyo bwererani mu April, madzi ali pamwamba, mukayang'ane mizere imene yatsala pa makoma a nyumba zoyandikana ndi pa mitengo. Funsani agogo a pamudzipo pamene madzi anafika mu 2024, osati amene akudya nawo komishoni. Ndipo kalata ya amfumu yokha musakhutire nayo. Pitani ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo mukaone ngati pamalopo m'pololedwa kumangapo, komanso ngati sipanagulitsidwe kale kwa wina.

Muwerengerenso zaumoyo. Kunyanja malungo ndi a chaka chonse, madzi odekha a m'mabango amakhala ndi likodzo, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Mwana amene akukhala pafupi ndi madzi adzasambamo, mufune musafune. Ndiye mpopi ndi chimbudzi chabwino zibwere msanga, khonde loyang'ana kunyanja lidikire.

Maganizo anga, poti anandifunsa, anali akuti tsiku ndi tsiku munthu amakhala ndi sukulu, chipatala ndi ntchito, ndipo kwa iwowa zitatuzi zimakumana pa Karonga, pomwe nyanja ikubwera ngati basera. Koma puloti ikhale kumtunda, ngakhale mafunde asamveke kuchipinda. Alamu sanakondwe nazo kwenikweni. Achemwali nawo anati Karonga ndi mudzi waukulu chabe wokhala ndi raundabauti.

Pamapeto pake sanagule kalikonse. Apeza nyumba ya lendi pa boma, chakumtunda kwa msewu wa M1, ndipo agwirizana kukhalamo mpaka dzinja limodzi lidutse. Ndalama za puloti zili ku banki. Alamu agula njinga yakapalasa yopitira kunyanja m'mawa Lamlungu, ndipo pali mapuloti atatu amene awalemba m'kope kuti akawaonenso mu April, atavala majombo.