Mmene kompyuta wamba inapezera ziphona za Unix

Mu Novembala 1995 kampani ya Intel inatulutsa purosesa yotchedwa Pentium Pro, ndipo zotsatira za mayeso ake zinadzidzimutsa makampani amene ankadziyesa eni liwiro. Pa ntchito za manambala athunthu, Pentium Pro ya 200 MHz inafika pamzere umodzi ndi Alpha ya kampani ya Digital Equipment Corporation, yomwe inkathamanga pa 300 MHz. Pa masamu a madesimali, omwe mainjiniya amawadalira, inali ikadali m'mbuyo. Komabe mpata unali utayamba kutsekeka.

Masiku amenewo workstation sinali chinthu choti munthu n'kugula ndi malipiro ake. Anali makina a Unix ochokera ku Sun, Hewlett-Packard kapena Silicon Graphics, ojambulira mapulani a ndege ndi kupangira zilombo za mufilimu ya Jurassic Park ya 1993. Vuto lakale linali lakuti wogulitsa aliyense ankatchula nambala ya liwiro yomukomera. Mayeso otchuka a Dhrystone, amene Reinhold Weicker analemba mu 1984, anali kapulogalamu kakang'ono kwambiri moti opanga makina anaphunzira kukanyengerera.

N'chifukwa chake mu 1988 makampani a Apollo, Hewlett-Packard, MIPS ndi Sun, ngakhale ankalimbirana msika, anagwirizana zokhazikitsa bungwe la SPEC. Nzeru yawo ndimaitayira kamtengo mpaka lero: ipatseni kompyuta ntchito zenizeni, muwerenge masekondi. Mayeso oyamba a 1989 anali ndi mapulogalamu 10, ndipo makina onse ankayerekezedwa ndi kompyuta ya VAX-11/780, yomwe inapatsidwa nambala 1. Muyeso womwewo ndi umene unadzaonetsa poyera kuti makina otchipa akupeza ziphona za Unix. Pambuyo pake Digital inagulidwa ndi Compaq mu 1998, Sun inamezedwa ndi Oracle mu 2010.

Bodza la ma megahertz lokha silinafe. Nambala imeneyo imangonena kuti purosesa ikuponda kangati pa sekondi, osati kutalika kwa phazi lililonse. Mwana wothamanga timapazi tambirimbiri amasiyidwa ndi wamkulu wongoyenda. Mu 2001 AMD inatcha purosesa yake Athlon XP 1800+ pomwe inkathamanga pa 1.53 GHz, pofuna kuuza ogula kuti aleke kuyang'ana nambala yokhayo. Pentium 4 ya Intel inakwera mpaka 3.8 GHz, n'kuima chifukwa cha kutentha.

Mayeso nawonso amaberedwa. Mu 2013 olemba a webusaiti ya AnandTech anapeza kuti foni ya Samsung Galaxy S4 inkawonjezera liwiro ikazindikira kuti ikuyesedwa.

Zimenezi zikumukhudza ndithu amene akusankha kompyuta yakaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe. Kastika ka "Core i7" kamakopa maso, ndipo wogulitsa amakaloza ndi chala asananene mtengo. Koma i7-2600 ya 2011 imasiyidwa kutali ndi i3-12100 ya 2022, ndipo zimandiwawa kuona wophunzira akulipira zambiri chifukwa cha chilembo. Funsani nambala yonse ya purosesa, muione pa zotsatira za mayeso a Geekbench kapena PassMark. Kenako tsegulani ntchito yanuyanu yochokera pa fulashi, kaya ndi Excel wamkulu kaya vidiyo ya ukwati yofunika kudula, muisiye igwire kwa mphindi 15. Laputopu yodzaza fumbi imayamba mwamphamvu, fani n'kuyamba kulira, kenako purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo zimenezo mayeso a mphindi imodzi sangakuonetseni.