MABATANI ANASAMUKA, NCHITO IKALI YOMWEYO

Munthu wocokera ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi akafika mu Lusaka ndi nkhani yofuna kalata, kawirikawiri ulendo wake umayambira kwa alembi a pa makompyuta. M'timasitolo ta pafupi ndi City Market, pa mseu wa Lumumba, ndiponso m'misika ya ku Kabwata ndi ku Chelstone, muli anyamata ndi atsikana amene nchito yao ndi kulembera anthu makalata ofunsira nchito, malamulo a makopaletivu, mapangano a malonda, ndi mapulogramu a maliro ndi a zikwati. Iwo amalipidwa pa tsamba lililonse. Motero mlembi wa manja ofulumira amapita kunyumba ndi ya ndiwo, koma wocedwa amangoona anthu alikudutsa kupita pa khomo lina.

Alembi amenewa ali ndi vuto limene a makina akale a taipi analibe. Makina a taipi, munthu akawaphunzira kamodzi, anali kukalamba nao osasintha. Koma mapulogramu a pa kompyuta, monga Word yolembera makalata, Excel yowerengera ndalama, ndi PowerPoint yoonetsera zithunzi ndi mau pa cipupa pa misonkhano, amasintha nkhope pakapita zaka, ndipo wosintha ndi kampani ya Microsoft ya ku America, imene sifunsa mlembi wa ku Lusaka.

CIMENE CINACITIKA MU 2007

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi Office 2007, imene inayamba kugulitsidwa kwa anthu onse pa 30 January 2007. Kufikira pa Office 2003, pamwamba pa galasi la kompyuta panali mzere wa mau monga File, Edit, View, Format ndi Tools, ndipo munthu akadina limodzi, mndandanda wa zocita unali kutsika pansi pake. Mu 2007 mindandanda imeneyi inacotsedwa. M'malo mwake munabwera lamba wotambalala wodzala ndi tizithunzi, amene anamucha dzina lakuti Ribbon. Mu Word lambayu anagawidwa m'zipinda 7: Home, Insert, Page Layout, References, Mailings, Review ndi View.

Cimene cinasautsa ambiri koposa ndi kusowa kwa liu lakuti File, mmene munali kukhala zosungira ndi zosindikizira kalata. Zonsezi zinabisidwa m'batani lozungulira la pa ngodya ya kumanzere, ndipo anthu ambiri analiyesa cizindikiro cabe ca kampani. Madandaulo anacuruka, kotero kuti pa Office 2010 liu lakuti File linabwezedwa.

Kampaniyo inali ndi cifukwa cake. Word yoyamba ya pa Windows, ya mu 1989, inali ndi zocita ngati 100 cabe. Pofika mu 2003 zinali zitaposa 1,500, zomwazikana m'mindandanda ndi m'timizere ta zida 31. Gulu lokonza maonekedwe atsopano, mmene munali Jensen Harris ndi Julie Larson-Green, linaona kuti zinthu zambiri zimene anthu anali kupempha kuti ziikidwemo zinalimo kale, koma palibe anali kuzipeza. Tsono anaganiza zoika zonse poyera, za nchito imodzi pamalo amodzi.

Kwa wophunzira watsopano zimenezi zinali zothandiza. Anabvutika ndi akatswiri, pakuti mlembi wozolowera sawerenga mau a pa galasi. Dzanja limangopita lokha pamene linazolowera. Ogula a pa City Market acidziwa cimeneci. Moto utatentha mbali yaikulu ya msikawo pa 4 July 2017, amalonda ambiri anayamba kugulitsira kwina, ndipo wogula wakale anali kutaya nthawi kufunafuna munthu amene kale anali kumupeza ngakhale atatsinzina.

KALATA YOKANA KUTSEGUKA

Kusinthaku sikunathere pa maonekedwe. Office 2007 inayamba kusunga makalata mwa mtundu watsopano: dzina la failo ya Word linayamba kuthera ndi docx m'malo mwa doc, ndipo la PowerPoint ndi pptx m'malo mwa ppt. Kompyuta yokhala ndi Office 2003 sinali kutsegula mafailo otere pokhapokha ataiikira kapulogramu kothandizira kamene Microsoft inatulutsa.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza munthu wa kumudzi. M'maofesi a mabungwe ku Kabulonga ndi ku Woodlands makompyuta amakhala atsopano, koma m'timasitolo ndi m'masukulu ambiri muli makompyuta ogulidwa atagwirapo kale nchito kwina, ndipo mapulogramu ake ndi a zaka zosiyanasiyana. Mlembi wa kopaletivu angatenge fomu pa fulashi ku ofesi, nakwera basi kubwerera kwao, koma pofika n'kupeza kuti kompyuta ya pa sukulu yaikana, pamene tsiku lotsiriza kupereka mafomu layandikira.

Palinso nkhani ya zilembo. Kufikira mu 2003 Word inali kuyamba ndi zilembo za mtundu wa Times New Roman. Mu 2007 zinalowedwa m'malo ndi Calibri, ndipo mu 2023 Microsoft inalengeza mtundu wina wochedwa Aptos. Kompyuta ikapatsidwa kalata ya zilembo zimene ilibe, imaikapo zina zimene ili nazo. Pamenepo mizere imasuntha, ndipo kalata ya tsamba limodzi ingasefukire pa tsamba laciwiri, malo osainapo n'kutsala okha. Wolipira tsamba loonjezekalo ndi mwini kalata.

Mankhwala ake ndi apafupi. Kalata yomalizidwa iyenera kusungidwanso monga PDF, pakuti PDF imaoneka cimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi pa foni yomwe. Kuyambira pa Office 2010 njira imeneyi imapezeka pansi pa File, posankha Save As. Ngati kalata ipita ku kompyuta yakale kuti akaikonzenso, mlembi aisunge mwa mtundu wolembedwa kuti Word 97-2003.

ZIMENE SIZINASAMUKE

Alembi amene anazolowera msanga ndi aja anadalira kiyibodi koposa mbewa. Zilembo za pa kiyibodi zikali pa mzere umene zinali pa makina a taipi a Remington a m'ma 1870, ndipo njira zacidule zakale zikali kugwira nchito. Ctrl pamodzi ndi S imasunga, Ctrl ndi P imasindikiza, Ctrl ndi Z imabweza colakwa, ndipo F12 imasunga kalata m'dzina lina. Mu PowerPoint, F5 imayambitsa cionetsero, kaya pa pulogramu yakale kapena yatsopano. Mlangizi wa zaulimi amene waima pamaso pa alimi safunika kusakasaka batani anthu alikuyembekeza.

Lambayo nayenso ali ndi zothandiza. Munthu akadina Alt, pa cipinda ciliconse pamaoneka cilembo coti atsate. Ctrl ndi F1 imapinda lamba kuti tsamba lioneke lalikulu. Pamwamba pali kamzere kochedwa Quick Access Toolbar, pamene mlembi angaike mabatani amene amagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku, monga mmene mai wogulitsa amaikira pafupi ndi dzanja zinthu zoyenda malonda. Kuyambira pa Office 2016, Alt ndi Q imatsegula kabokosi kamene munthu amalembamo dzina la cimene afuna, ndipo pulogramu imamupezera. Amene safuna kusiyana ndi mindandanda yakale angatenge LibreOffice, pulogramu yaulere imene inayamba mu 2010 ndipo imatsegula mafailo a Word ndi a PowerPoint.

PHUNZIRO KWA ANA A SUKULU

Mu 2015 ana a Giredi 9 m'dziko muno analemba koyamba mayeso a Computer Studies. Aphunzitsi a phunziro limeneli ali ndi udindo waukulu. Mwana wophunzitsidwa kuti batani lakutilakuti lili lacitatu kucokera kumanzere adzasocera tsiku limene adzakhala pa kompyuta ina. Koma wophunzitsidwa dzina la nchito ndi colinga cake, monga kukonza malire a tsamba kapena kuika tebulo, adzaipeza kulikonse kumene yaikidwa. Kusinthaku sikudzaleka: pa 14 October 2025 Microsoft inaleka kusamalira Office 2016 ndi Office 2019, ndipo maofesi ambiri adzafunika kusamukira ku zatsopano.

Kwa munthu wopita kukalembetsa kalata, zoyenera kukumbukira ndi zitatu. Awerenge pepala lonse asanalipire, makamaka maina ndi nambala ya reji. Apemphe kuti kalatayo aisunge pawiri, ya Word ndi ya PDF, pa fulashi kapena pa foni yake. Ndipo afunse ku ofesi kumene kalata ipita mtundu wa failo umene amalandira, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.